Zikhomo za Etse

Kwathu ku Ho mapasa samwalira. Mmodzi akasowa timangoti wapita kunkhuni, ndipo palibe wopusa amene amafunsa kuti nkhunizo zachuluka bwanji kuti munthu azitola mpaka chaka kutembenuka. Ndiye Etse atapita kunkhuni, azakhali ake anasemetsa kachidole kamtengo, anakaveka kansalu, n'kukapereka kwa Atsu, mnzake wobadwa naye, kuti azikasambitsa ndi kukadyetsa. Atsu anali bambo wa imvi, wa ana okwatira kale, koma anakalandira ndi manja awiri n'kukaika m'thumba la malaya.

Awiriwa anali amisiri a matabwa, koma osati okhoma madenga. Yawo inali ntchito yomalizira nyumba: timatabwa tozungulira zitseko ndi mawindo, timizere tobisa molumikizana siling'i, ndi matabwa aja oyenda m'munsi mwa khoma kuti tsache ndi madzi okolopera zisamadye penti. Atsu ankayeza ndi kudula, Etse ankakhoma. Zinali choncho chiyambire unyamata wawo, moti anthu ankawaitana ngati munthu mmodzi wa manja anayi.

Sikuti Atsu hamala sankaidziwa. Koma tsiku loyamba kubwerera kuntchito yekha, m'nyumba ya mphunzitsi wina, anaimika msomali n'kumenya kamodzi, go! Kuchipinda china kunayankha, go! Mudzati ndi mawu obwerera, poti nyumba yopanda katundu imabwebweta. Nayenso anadziuza zomwezo. Koma mawu obwerera sayamba apuma kaye, ndipo samenya kawiri mofulumira pomaliza, go-go, monga ankachitira Etse pomiza mutu wa msomali. Atsu anapita kukasuzumira. M'chipindamo munali fumbi ndi dzuwa basi. Anatola zida zake n'kubwerera kunyumba, ndipo hamala sanaigwirenso.

Kuyambira pamenepo munthu anayamba kutha. Ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, kachidole pamwendo, chakudya chikuzizira pambali. Mkazi wake analankhula mpaka mawu anamuthera. Tonse tinkaona ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake: wopita kunkhuni mtolo ukamulemera, amaitana mnzake kuti adzamusenzetse. Atsu ankadziwanso. Choopsa chinali chakuti iye mwini sizinkamuopsa.

Amene anamuzula pansi pa mtengopo anali Mawuena, mkazi wa Etse. Etse anasiya nyumba yawo yatsopano kunjira ya ku Adaklu itangotsala pang'ono kutha, ndipo Mawuena ndi ana anali akadali m'kachipinda kamodzi pakhomo pa apongozi.

"Alamu, nyumba ija ndikalowe liti? Ndikalowe ndi ndodo?"

"Itanani wina akakhome," anatero Atsu osadzutsa mutu. "Amisiri atha mu Ho muno?"

"Wina? Kuti mbale wanu akabwera adzapeze misomali ya mlendo m'nyumba mwake? Pakamwa pake paja mwapaiwala?" Mawuena anakhala pamuzu wa mtengo, ndipo mawu ake anatsika. "Nyumba ikhoza kudikira, alamu. Inu ndi amene simukudikira. Lamba ameneyo mwabowolanso kangati? Ine kudikira mmodzi kwandikwana. Awiri sindingathe."

M'mawa mwake Atsu anakwera minibasi ya ku Aflao, kumalire, kumene zida zotsika m'sitima ku Lomé zimafikira.

Sitolo ya Daavi Akpene inali yopapatiza, zida zitapachikidwa mpaka kudenga. Mayiyu ankawagulitsa masowo ndi mapuleni kuyambira kale, ndipo mpaka tsikulo sankatha kuwasiyanitsa.

"Ee, Efo Atsu! Kapena ndinu Efo Etse? Tsegulani pakamwa ndidziwe."

"Ndine Atsu."

"Nanga wolongolola uja mwamusiya kuti?"

"Wapita kunkhuni."

Daavi Akpene anayang'ana thumba la malaya n'kuona kamutu kamtengo katasuzumira. Anapukuta manja pa nsalu yake, anawerama pang'ono, n'kunena kwa kachidoleko: "Mwafika bwino, Efo Etse." Kenako anatulutsa mipando iwiri.

"Ndikufuna mfuti ija ya misomali," anatero Atsu.

"Inu? Si inu munaseka pano mpaka kutsokomola, kuti chimenecho n'chidole cha alesi?"

"Anaseka ndi uyu."

"Ndiye mutsekeni makutu, tikambe za ntchito."

Anayala mfuti zake pathebulo. Yoyamba inali ya mphepo, ndipo anaikankhira pambali yekha. "Iyi imayenda ndi thanki, ndipo thankiyo imalira ngati chigayo. Akunyamulirani ndani? Iyi ndi ya chingwe, yopepuka bwino, koma magetsi akathima mudzangokhala mukuyang'anizana nayo. Kumene mukukakhomako magetsi anafika?"

"Anafika mapolo okha."

"Basi, yanu ndi ya batire. Imalemera pamkono, koma mkono munaupumitsa mokwanira." Anatsegula kabokosi n'kutulutsa mzera wa timisomali tomatana ngati chipeso. "Zina zimadya misomali yonenepa. Zimenezo n'za mafelemu, kathabwa kopyapyala zimakang'amba pakati. Yanu ndi ya nambala eyitini. Taonani kuwonda kwake. Kabowo kamene kamasiya mumangotseka ndi chala chimodzi cha phula, penti ikapita pamwamba ngakhale apongozi anu sangakapeze."

Atsu anainyamula, anaitembenuza, anainunkhiza ngati munthu wogula nsomba. Daavi Akpene anamupatsa chidutswa cha odum, mtengo wouma gwa uja, kuti ayesere. Anamuonetsa kuti mfutiyo siwomba mpaka mphuno yake itakanikizidwa pathabwa. Inalira pang'ono, wii, kenako tha! Msomali unalowa koma unatsalira kunsonga. Mayiyo anapotoza kagudumu ka pambali, ndipo wachiwiri unamira bwinobwino.

"Ikatsamwa, chotsani batire musanalowetsemo chala. Ndipo dzanja logwira thabwa lizikhala patali, mwamva? Kamsomali aka mutu kalibe, nzeru kalibenso. Kakakumana ndi cholimba sikaima, kamakhota n'kutulukira kumene kafuna."

"Nanga pa simenti?"

"Pa simenti musayerekeze. Iyi si mfuti ya asilikali."

Chimene chinamudabwitsa Atsu n'chakuti dzanja lake silinamve kanthu. Hamala imakuuza zonse: apa ndi pofewa, apa pali mfundo, apa msomali wagwira. Mfutiyi inkangolavula n'kukhala chete, ngati munthu wantchito amene safuna macheza. Anaigula. Atafika kwawo anasema ina yaing'ono ngati chala pa kachidutswa ka mtengo wofewa wa wawa n'kuimangirira m'khosi mwa kachidole, poti za mapasa zimagulidwa ziwiriziwiri, ndipo Etse sanali munthu wokhululuka msanga akamanidwa.

Nyumba ya Etse inali yokhayokha pakati pa minda ya chinangwa. Inali nyengo ya mphepo ya fumbi, phiri la Adaklu likuoneka mwa apo ndi apo. Atsu anaika kachidole pawindo kuti kaziona ntchito, ndipo anayamba ndi zitseko. Dzanja limodzi thabwa, lina mfuti. Wii, tha! Anaima n'kutchera khutu. Kunali zii. Anawombanso, n'kutcheranso khutu. Palibe chinayankha. Mtima unakhala pansi, ndipo anagwira ntchito tsiku lonse ngati mnyamata. Koma pofika madzulo bata lomwelo linayamba kumupweteka. Anali atapeza njira yokhomera popanda Etse, ndipo Etse sanatsutse n'komwe.

Zitseko, mawindo ndi siling'i zinatha mosavuta. Njakata inamugwira atafika pa matabwa a m'munsi mwa khoma. Makoma athu ndi a mabuloko a simenti, ndipo msomali sulowa m'buloko. Ena amangomata ndi guluu, mvula ikabwera thabwa n'kugwa ngati nkhanambo. Mapasawa sankachita zoterozo. Etse ankapita kunyumba iliyonse omanga asanamalize, n'kubowola khoma m'munsi, n'kukhomeramo zikhomo zamtengo kuti misomali idzapeze pogwira. M'nyumba mwake momwe anachitanso choncho, sabata imene Atsu anali ku Kpando pa ntchito ina. Koma Etse atapita, omanga anabwera opanda wowauza, anasalaza pulasitala pamwamba pa zonse, opaka penti n'kumalizitsa. Makoma anali oyera mbee, osaoneka pamene pali chikhomo ngakhale chimodzi.

Etse tepi sankaikhulupirira. Ankayeza ndi mkono wake, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, ndipo mkono wa Etse unali mkono wa Atsu. Choncho Atsu anagwada pakona ya pabalaza, anayeza mkono umodzi, anatsamiritsa thabwa n'kuwomba. Mfuti inalira moipa, khwe, n'kutsamwa. Anachotsa batire, anasolola kamsomali katapindika ngati mbedza, n'kuyesanso patsogolo. Zomwezo.

"Iwe, ukuseka eti?" anatembenukira kuwindo. "Wabisa zikhomo m'nyumba mwako momwe ngati mfiti. Tandiuza, zili pati?"

Kachidole kanangomuyang'ana ndi maso ake osaphethira. Ndipo ali chiyang'anire, Atsu anamva manyazi. Zaka zonsezi akugwada pambali pa munthu, n'kuiwala kuti munthuyo anali wamanzere! Iye anayambira kudzanja lamanja, monga amachitira aliyense. Etse ankayambira kona inayo.

Anakwawira kumeneko. Anapinda bondo lamanja m'malo mwa lamanzere, anaika chigongono chamanzere pakona, n'kugoneka mkono pakhoma. Pamene panathera chala anaikapo chizindikiro. Wii, tha! Msomali unamira mofewa, ndipo thabwa linakakamira kukhoma. Mkono wina, tha! Mkono winanso, tha! Tsitsi linamuimirira. Pachikhomo chilichonse mawondo ake ankagwa pamene anagwa a Etse, mpweya wake unkagunda khoma pamene unagunda wa Etse. Ndipo kumbuyo kwa phewa lake lamanzere kunali munthu. Sanatembenuke. Ankamva fungo la mafuta aja otentha amene Etse ankapaka pamsana, ndi kanyimbo ka m'mphuno kamene ankaimba akakhala kuti misomali waigwira ndi milomo.

Atsu sanathawe. Kunena zoona, chichokereni mbale wake anali asanasangalalepo chonchi.

Masana ena Mawuena anabwera ndi kenkey, nsima yathu yowawasa ya chimanga, ndi nsomba m'beseni. Atalowa pakhomo anangoti kakasi. Anaona msana wa munthu wogwada, mutu utapendekera kumanja, mfuti ili kudzanja lamanzere, kanyimbo kakutuluka m'mphuno.

"Etse!"

Beseni linagwa. Atsu anatembenuka pang'onopang'ono, ngati wodzutsidwa kutulo.

"Ndine, alamu."

"Ndikudziwa kuti ndinu!" anatero Mawuena, akutola nsomba pansi. "Musamagwade choncho. Mfutiyo mwaisinthira liti dzanja? Inu si amanzere."

Atsu anayang'ana dzanja lake. Sankakumbukira kuti anasintha liti.

"Zikhomo sizipezeka mwanjira ina," anatero.

"Bowolani zanu! Chobowolera mulibe? Ine ndinakutumani kuti mudzakhome matabwa, sindinakutumeni kuti mudzamulondole."

Koma kumulondola n'kumene ankachita, ndipo sankafuna kuti kuthe. Chipinda chimene akanamaliza dzuwa lisanafike pamutu ankachikoka mpaka mawa. Ankakhala nthawi yaitali pachikhomo chimodzi, chipumi chitatsamira khoma, akumvetsera kanyimbo kaja. Kenkey ankatsinako kachidutswa ka kachidole, yotsalayo n'kusiyira nyerere. Chipinda chilichonse chikatha, wa kumbuyo kwa phewa uja ankasendera pafupi. Atsu anayamba kukhulupirira kuti pachikhomo chomaliza adzatembenuka, ndipo adzaonana maso ndi maso, ndipo kumene Etse adzaloze iye adzapita. Anasiyira dala chipinda chogona kuti chikhale chomaliza, ndipo m'chipindamo anasiyira khoma lalitali la pansi pa windo.

Tsikulo anasamba, anasambitsa kachidole, anavala malaya ake a kutchalitchi. Anafika fumbi la m'mawa lisanakwere. Thabwa anali atalidula kale, makona ake okumana bwino osalowa ngakhale tsitsi. Anagwada kumanzere. Mkono, tha! Mkono, tha! Fungo la mafuta linadzaza chipinda chonse, ndipo kanyimbo kanali m'khutu mwenimweni. Anasendera, anayeza mkono wina, dzanja lamanja likukanikiza thabwa pafupi ndi mphuno ya mfuti, poti dzanjalo ntchito yogwirira linali lisanaizolowere.

Khwe!

Msomali unagunda buloko, unakhota m'kati mwa thabwa, n'kutulukira pamwamba, m'chala chake chachikulu. Ululu unathamanga mpaka m'mano. Anakuwa, anatukwana mawu amene sanawatchulepo chibatizidwire, n'kusolola chala. Magazi anadontha pa malaya a kutchalitchi.

Anaganiza kuti walakwitsa muyeso. Anachotsa batire, anatulutsa chotsamwacho, anakulunga chala ndi mpango n'kuyezanso mosamala. Khwe! Anadumpha mkono umodzi. Khwe! Pamenepo anachotsa thabwa lonse, anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kukanda pulasitala m'munsi mwa khoma, kuyambira pa chikhomo chachiwiri kupita kutsogolo. Anakanda mpaka kona inayo. Munali buloko yotuwa yokhayokha, yosabowoledwa ngakhale pamodzi.

Ndipo m'chipindamo munalibe munthu. Fungo linali la penti ndi fumbi la simenti. Anatembenuka kuti aone wa kumbuyo kwa phewa uja, nthawi yoyamba masiku onsewa, n'kuona chitseko chimene anakhoma yekha, ndi dzuwa pansi. Anaitana dzina la mbale wake kamodzi. Mawu ake anabwerera msangamsanga, monga amachitira m'nyumba yopanda katundu.

Mawuena anamupeza atakhala pansi, msana kukhoma, mpango utafiira. Anayang'ana mzera wokandidwawo, anayang'ana tizikhomo tiwiri tooneka ngati maso pakona, ndipo anakhala pansi nayenso.

"Zathera apa," anatero Atsu.

Mawuena anatambasula dzanja n'kukhudza chikhomo chachiwiricho ndi chala.

"Tsiku lija anabwerako msanga," anatero. "Anati mutu ukundiwaza, ndasiyira panjira, mawa ndikamaliza khoma la kuchipinda. Ine ndinamuseka kuti ulesi wayamba. Ndinaiwala, alamu. Mpaka lero ndinali nditaiwala."

Atsu anafuna kukwiya ndipo anakwiyadi, koma osati ndi Mawuena. Anali atalondola munthu chipinda ndi chipinda, pa mawondo, wokonzeka kupita kulikonse, ndipo munthuyo sanamudikire. Sanamuitane n'komwe. Anangodwala mutu masana ena n'kusiya ntchito pakati, ngati mmisiri wina aliyense. Chisoni chimene chinabwera pambuyo pa mkwiyowo chinali cholemera kuposa chonse chimene anasenza pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ichi chinalibe kolowera. Analira osabisa nkhope, ndipo Mawuena sanamuletse.

Dzuwa litapendeka anadzuka. Anavula malaya a kutchalitchi, anamanganso chala, n'kutulutsa chobowolera m'chikwama. Pa zidutswa zotsala anasema zikhomo zatsopano. Kenako anapita ku kona ya kumanja, anagwada mwa kagwadidwe kake, n'kugoneka mkono wamanja pakhoma.

Mawuena anayang'ana pamene anaika chizindikiro choyamba, anayang'ananso kutsidya, kumene kunathera zikhomo za mwamuna wake, ngati akuwerengera ndi maso mtunda wotsalawo.

"Mukayambira uko, zikumana bwino pakati?"

Atsu anayang'ana khomalo kuchokera kona mpaka kona.

"Ayi," anatero. "Sizikumana."

Anakanikiza chobowolera pachizindikiro, ndipo fumbi la simenti linayamba kugwera pa bondo lake.